Zabwino Zikachoka Pamalo Pake

Pali matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwe chimayenera kuliteteza. Pa nthenda ya polymyositis, asilikali a m'thupi amawononga minofu, ndipo munthu amavutika kudzuka pampando kapena kukweza manja. Madokotala amayeza magazi kufuna enzaimu yotchedwa creatine kinase. Enzaimuyi si poizoni: ntchito yake ndi kuthandiza minofu kupeza mphamvu mwamsanga. Koma minofu ikawonongeka, enzaimuyi imatayikira m'magazi, ndipo kuchuluka kwake kumeneko kumasonyeza kuti zinthu zasokonekera.

Pa nthenda ya myasthenia gravis, enzaimuyi nthawi zambiri sikwera, chifukwa vuto lili pamene mtsempha umapereka uthenga ku mnofu. Asilikali a m'thupi amatseka malo olandirira uthengawo, zikope n'kumagwa, kutafuna n'kumatopetsa. Mu 1934, ku London, Mary Walker anaonetsa kuti mankhwala a physostigmine amabwezeretsa mphamvu kwa kanthawi. Mankhwalawa amachedwetsa enzaimu ina, acetylcholinesterase, imene imafufuta uthenga ukafika. Enzaimu imeneyi ilibe vuto, komabe kuiletsa pang'ono n'kumene kumathandiza wodwala.

Apa pamabuka funso lakale: kodi choipa chimachokera kuti? Augustine wa ku Hippo, amene anamwalira mu 430, anatsutsa Amanikeya, omwe ankati choipa ndi mphamvu yodziimira payokha yolimbana ndi chabwino. Iye ankaphunzitsa kuti zonse zolengedwa n'zabwino, ndipo choipa ndi kuchepa kapena kusokonekera kwa ubwinowo. Matendawa amagwirizana ndi maganizo amenewa. Chitetezo n'chabwino, enzaimu n'zabwino, minofu n'njabwino. Chawonongeka ndi mgwirizano wake.

Komabe chiphunzitsochi chili ndi malire. Augustine ankati tchimo limayamba munthu akasankha molakwika, koma maselo a m'thupi sasankha kanthu. Choncho wodwala alibe mlandu, ndipo palibe chifukwa chosakira mdani womuloza chala kapena tchimo lobisika. Buku la Yobu limatsutsanso abwenzi amene ankaumirira kuti wovutika aliyense analakwa.

Chithandizo cha matendawa chimatsatira nzeru ija yakuti chitetezo n'chabwino. Madokotala safuna kuthetseratu chitetezo, chifukwa popanda icho munthu angafe ndi matenda ena. Mankhwala monga prednisolone amangochifatsitsa, ndipo amaperekedwa mosamala, dokotala akuyang'ana mphamvu za wodwalayo pamodzi ndi zotsatira za magazi.