Kodi kupukuta n'kunama?

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo. Koma ndiyambe ndi galimoto.

Malume atamwalira chaka chatha anasiya Ford F-100 ya 1972, yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ndi imene inkandinyamulira madengu a tomato kuchokera ku Lizulu ndikungoyamba kumene geni. Banja lagwirizana kuti igulitsidwe, ana awo awiri aang'ono apeze fizi. Msuweni wanga wamkulu anati tiyambe takonza kumaso kwake, paja girilo yake ndi ya aluminiyamu ndipo inali itatuwa mbuu.

Ntchito imeneyi ndinaigwira nawo masabata awiri, madzulo ndikaweruka kumsika. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ngati chitsulo, amangotuwa. Kufakitale amamukuta ndi kakhungu kolimba komuteteza, ndipo kakakalamba, olo mupake polishi wotani sawala. Ndiye mumayamba mwakachotsa ndi caustic soda, yemwe uja opanga sopo amagwiritsa ntchito, mutavala magolovesi, kwa mphindi zochepa basi. Mukachedwetsa amadya girilo yeniyeniyo. Mopindika mumawongola ndi kahamala chakumbuyo, mutatsamiza pa thabwa. Kenako sandipepala yonyowetsa, 400, 800, 1500 mpaka 2000, polishi pomaliza. Nsanza inkada bii. Ine ndimvekere litsiro ndiye linalipo! Makanika anaseka, amvekere ayi mayi, chakudacho ndi aluminiyamu amene mukumupala. Chimodzimodzi poto tikamamukwecha ndi sitiwulu, amawala chifukwa akutha.

Pano girilo ija mutha kudzionerapo nkhope. Koma injini ikudya oyilo, ndipo kunsi kwa bodi dzimbiri laboola malo awiri. Izi sitinakhudze, ndalama yake palibe.

Ndiye ndikufunseni: tanama kapena sitinaname?

Musathamangire kuyankha. Ine m'mawa uliwonse ndimapukuta tomato ndi kansalu ndisanaunjike milu, ndipo sindinadzionepo ngati wabodza. Kupukuta katundu ndi ulemu kwa wogula, palibe amafuna chinthu chafumbi. Koma kansalu komweko kali ndi mnzake, dzanja limene limatembenuzira pansi mbali yofewa ya tomato. Inu amene mumagula mukudziwa, ife ogulitsa tikudziwanso, ndipo tonse timangoti ndi msika. Pakamwa sipanatuluke bodza lililonse. Maso a munthu ndi amene tawalozera kumene tikufuna.

Msuweni akuti wogula galimoto ya zaka zoposa 50 ali ndi maso ake, abwere ndi makanika wake, agone pansi aone yekha. Akutinso tikaulula zonse mtengo utsika, ndipo amene avutike ndi ana amasiye, osati bwana wofuna galimoto yakale yodzionetsera. Mfundo imeneyi sindingaikankhire kutali. Chilungamo chimakoma kuchikamba pamene amene alipire mtengo wake ndi wina. Fizi ija si ine ndikuisowa.

Komabe pali chimodzi chikundiluma. Tinasankha girilo osati injini chifukwa girilo ndi imene munthu amayamba kuona. Tinkadziwa chimene tikuchita. Ndiponso poti kakhungu koteteza kaja tinakachotsa, kuwalako n'kwa miyezi yochepa. Akapanda kumapukuta pafupipafupi, ituwanso. Ngakhale zimenezi wogula sakuzidziwa.

Komanso ndisadzipachike kwambiri. Pamene ndinkakwecha sindinkaganiza za wogula nthawi zonse. Ndinkakumbuka malume akuipukuta Lamulungu lililonse ndi malaya akutha, ife titakhala kumbuyo kudikira atizungulitseko. Mwina theka la ntchito ija linali maliro, theka linali geni, ndipo pa girilopo simungasiyanitse.

Wogula akubwera Loweruka kuchokera ku Lilongwe. Msuweni wandipempha kuti, "Asisi, inu mukangokhala chete, ndikayankhula ndine." Sindinamuyankhe. Dzulo kasitomala wanga wakalekale anatola tomato wapamwamba pa mulu, n'kusuzumira pansi pake, n'kundiyang'ana osanena kanthu. Ndinamusinthira awiri.