Madzi saiwala khwawa: mfundo zofunika kwa amene anasiya fodya n'kumubwereranso

Atsibweni anga, amene akalambira pa nkhafi akuwolotsa anthu ndi njinga zawo pakati pa Chiromo ndi Bangula, anasiya fodya kanayi. Koyamba anapirira masiku asanu. Kachiwiri anatha mwezi wathunthu, mpaka usiku umene anakagona pasiwa pa mnzawo wakale. Kachitatu anasiya atagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa, nakhala chaka ndi miyezi ingapo osagwira ndudu; kenaka madzi a mu January 2015 anatenga nyumba, mbuzi ndi nkhokwe, ndipo ali pamsasa munthu wina anawatambasulira ndudu, iwo n'kulandira. Kachinayi ndi kano. Sanasutenso chiyambire 2019.

Ndikawafunsa chinsinsi chake amaseka. "Mphwanga," amatero, "tsiku losiya ndi losavuta. Lovuta ndi tsiku limene waiwala kuti unasiya."

Munthu wa ku Chiromo safunika kumasuliridwa mwambi woti madzi saiwala khwawa. Tili pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo taona ndi maso athu malo amene anauma zaka zambiri, anthu n'kudzalapo chimanga, akusandukanso mtsinje usiku umodzi. Wosiya fodya wapatutsa madzi, koma khwawa likadalipo. Mfundo zili m'munsizi ndazitola pa moyo wa atsibweni ndi pa zimene azaumoyo anapeza.

1. Chibaba ndi njala imene nikotini anaphunzitsa ubongo.

Munthu akakoka utsi, nikotini amafika ku ubongo pasanathe masekondi 20. Wosuta ndudu khumi patsiku amabwereza zimenezi maulendo mazanamazana sabata iliyonse, mpaka ubongo umayamba kuona ngati kukhala ndi nikotini ndiye kukhala bwino. Mukamuchotsa, thupi limalira: mtima umapsa msanga, tulo timathawa, mutu sukhazikika, njala imakula, ndipo ena amagwidwa ndi chisoni chosadziwika kochokera. Zimenezi zimafika pachimake m'masiku atatu oyamba kapena sabata yoyamba, kenaka zimazilala pakatha milungu iwiri mpaka inayi. N'chifukwa chake ambiri osiya popanda thandizo amabwerera sabata yoyamba isanathe kapena itangotha kumene, ndipo mwa anthu 100 oyesa okha, atatu mpaka asanu ndi amene amafika chaka.

Chiwerengero chimenechi chimatiuza kuti kugwa n'kofala kuposa kupambana, ndipo amene pamapeto pake amasiyiratu ambiri amakhala atayesa kangapo. Kumutcha munthu wopanda mwambo kapena wofooka chifukwa wagwa tsiku lachinayi ndi kusadziwa chimene akulimbana nacho.

2. Chibaba chimakwera n'kutsika, sichikhala pamwamba.

Pamene chagwira chimaoneka ngati sichidzatha, koma nthawi zambiri chimaphwa pakapita mphindi zochepa, kaya mwasuta kaya simunasute. Ntchito yanu ndi kudutsa mphindi zimenezo. Imwani madzi, tafunani nzimbe, bwemba, masawu kapena malambe, nyamukani pamene mwakhalapo mukayendeyende. Atsibweni ankayenda ndi mtedza wokazinga m'thumba limene kale linkakhala ndudu, kuti dzanja likapita kumeneko mwachizolowezi lipeze china. Ananenepako pang'ono, monga amachitira ambiri osiya, ndipo azakhali sanadandaule.

3. Dziwani makwawa anu, muwatchule ndi mayina.

Nikotini amatha m'thupi m'masiku ochepa. Chimene chimagwetsa munthu patatha miyezi itatu kapena chaka ndi malo, nthawi ndi anthu amene ubongo unawamangirira ku fodya. Kwathu kuno makwawa amenewa ndi odziwika. Msodzi amene amachezera usiku m'dambo la Elephant Marsh akuonjola milamba amasuta kuti tulo tisamugwire ndi kuti udzudzu umuchokeko kumaso. Wakabaza amasuta podikira wokwera. Pa Mtayamoyo, pamene anthu akhala akuwoloka pa bwato chiwonongekere njanji ndi msewu m'madzi a 1997, kudikira kumakhala kwautali, ndipo munthu wopanda chochita dzanja lake limafuna ndudu. Pali pa bawo. Pali mphindi ija mwangosamba m'manja mutadya nsima. Pali tsiku la msika ku Bangula ndalama zili m'thumba. Pali pasiwa, pamene amuna amagona panja mozungulira moto ndipo ndudu imodzi imayenda manja asanu; kukana pamenepo kumaoneka ngati kudzipatula pa chisoni cha anzako.

Ndipo pali kachasu. Mowa ndi fodya ndi pachibale: mowa umadzutsa chibaba, nthawi yomweyo n'kugonetsa nzeru imene inayenera kukana. Ndaona anthu atalimba miyezi isanu n'kugwa pa botolo lachiwiri. Ngati mukufunadi kusiya, miyezi yoyamba muyambe mwatalikirana ndi malo omwera, ngakhale anzanu anene kuti mwayamba kunyada.

Makwawa ena mungathe kuwapewa. Ena simungathe, chifukwa maliro sathawika ndipo msodzi sangasiye usiku. Pa amenewa konzeranitu yankho musanafike. Atsibweni amati akafika pasiwa amayamba ndi iwo kulengeza, asanakhale n'komwe: "Ine paja fodya ndinasiya, musandipatse." Akatero, ngakhale chibaba chitabwera pakati pa usiku, manyazi opempha chimene akana pagulu amawagwira dzanja.

Apa ndinenepo za abale athu a ku Makhanga. Anthu a kumtunda amakonda kufunsa kuti n'chifukwa chiyani amabwerera kumene madzi anawathamangitsa. Ofunsawo sanalimepo dimba m'nthaka ya m'mbali mwa Ruo. Sadziwa chimene malowo amapatsa munthu. Fodyanso amapatsa wosuta kanthu: kapumulidwe pakati pa ntchito, chocheza nacho ndi anzake, chogwira m'manja mtima ukamawawa. Mukachotsa fodya osaika china m'malo mwake, kubwerera sikuchedwa.

4. "Imodzi yokha" ndiyo imathyola mzere.

Wolima mpunga amadziwa kuti mzere wotchinga madzi sugumuka wonse nthawi imodzi. Umayamba ndi una wa nkhanu. Kwa munthu amene thupi lake linazolowera nikotini, ndudu imodzi imadzutsa zonse zimene zinagona, ndipo ambiri amene "angolawako" amapezeka abwerera mwakale pasanapite nthawi. Vuto la kwathu ndi loti ndudu zimagulitsidwa imodziimodzi pa okala iliyonse. Sufunika kuganiza zogula paketi, chenji cha sopo chimakwana. Mtima umati iyi si kusuta, ndi kamodzi chabe.

Ena amati achepetsa, akusuta imodzi kapena ziwiri patsiku, ndiye zili bwino. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2018 anapeza kuti pa matenda a mtima ndi sitiroko, wosuta ndudu imodzi patsiku amasenza pafupifupi theka la chiopsezo choonjezera chimene amasenza wosuta 20. Enanso amasiya ndudu za m'sitolo n'kuyamba kupichira chingambwe pa pepala la kope, kapena kufwenkha fodya wa m'mphuno, n'kumati asiya. Nikotini ndi yemweyo, ndipo khwawa likhalabe lonyowa.

5. Mavuto adzabwera, ndipo fodya adzabwera nawo atavala ngati mnzanu.

Chigwa chino cha Shire mavuto sasowa. Madzi a 2015, namondwe Idai mu March 2019, namondwe Ana mu January 2022, namondwe Freddy mu March 2023, ndipo pakati pake chilala ndi dzuwa lootcha mbewu. Munthu akataya zonse, mawu oti "fodya amawononga mapapo" amamveka ngati nthabwala. Amaganiza kuti ngati madzi sanandiphe, ndudu imodzi ingandichite chiyani?

Wosuta amakhulupirira kuti fodya amakhazika mtima pansi. Chimene chimachitika n'chakuti pakati pa ndudu ndi ndudu nikotini amatsika, thupi limayamba kusakhazikika, ndipo ndudu yotsatira imathetsa kusakhazikika kumene fodya yemweyo anabweretsa. Nkhokwe yokokoloka siibweza. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti anthu amene asiya n'kudutsa milungu yovuta ija nkhawa zawo zimachepa kusiyana ndi nthawi imene ankasuta.

Pa Freddy atsibweni anatayanso zambiri. Ndinawafunsa kuti ulendo uno zinatheka bwanji osasuta. Anati anadziwiratu kuti chibaba chibwera limodzi ndi madzi, monga chinachitira mu 2015, ndiye atafika pamsasa anapempha ntchito yonyamula katundu wa okalamba, ndipo usiku ankagona mbali ya adzukulu awo osati pamoto pa amuna. Adzukulu, iwo amati, ndi apolisi oopsa.

6. Mukaterereka, dzukani tsiku lomwelo.

Chimene chimasandutsa ndudu imodzi kukhala paketi ndi maganizo oti "basi ndalephera kale, ndingopitiriza." Miyezi isanu imene munakhala osasuta sinafufutike chifukwa cha usiku umodzi. Tayani zotsala, muuze munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kenaka mudzifunse: ndinali kuti, ndinali ndi yani, mumtima munali chiyani? Yankho lake ndi khwawa limene simunalidziwe.

Mawu awiri kwa a m'banja ndi a kumpingo. Munthu amene wagwa akamuseka kuti "tinanena ife", amaphunzira kubisa, ndipo amakasutira kuseri kwa chimbudzi. Wobisa sapempha thandizo. Mayi amene amafunsa modekha kuti "bambo, lero zavuta pati?" amathandiza kuposa amene amanunkhiza malaya. Ndipo ngati m'nyumba muli wosuta wina, asasutire m'nyumba kapena pakhonde. Apo mukuteteza wosiyayo, ana, ndi mayi woyembekezera nthawi imodzi.

7. Pemphani thandizo, ngakhale dziko lathu linachedwa kulikonza.

Tiyenera kunena zoona: Malawi ndi dziko limene ndalama zake zambiri zakunja zakhala zikuchokera ku fodya, makamaka wa bale, ndipo nkhani yothandiza osuta kusiya siinakhalepo patsogolo. Mgwirizano wa bungwe la WHO wochepetsa kusuta unayamba kugwira ntchito padziko mu 2005, koma dziko lathu linalowamo mu 2023. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi alionse m'Malawi ankasuta. Chigwa chino n'cha thonje, nzimbe, mapira ndi mpunga. Fodya sitilima kwenikweni, koma utsi wake tikuukoka mofanana ndi ena.

Mankhwala othandiza kusiya alipo. WHO inaika chingamu ndi zomata pakhungu zokhala ndi nikotini pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2009, ndipo mu 2021 inaonjezera varenicline ndi bupropion. Mankhwalawa, makamaka akaphatikizidwa ndi uphungu, amakweza mwayi wosiyiratu. Kumudzi sapezeka mwachisawawa, ndipo ena sayenera kumwedwa popanda dokotala, makamaka ngati muli pa mankhwala ena monga ma ARV kapena a khunyu. Koma ngakhale kukambirana kwa mphindi zochepa ndi namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kumathandiza. Mukapita ku Trinity ku Muona, ku Kalemba ku Bangula kapena kuchipatala chachikulu ku Nsanje pa vuto lina lililonse, nenani kuti mukufuna kusiya fodya. Ngati mwakhala mukutsokomola milungu iwiri, musanene kuti ndi chifuwa cha fodya chabe. Kayezetseni makhololo, chifukwa kusuta kumakweza chiopsezo cha TB ndipo kumachedwetsa kuchira.

8. Werengani zimene mwapeza, chifukwa chibaba chimangowerenga zimene mwataya.

Ndudu khumi patsiku ndi ndudu 3,650 pachaka. Chulukitsani ndi mtengo wa ndudu imodzi pa okala ya kwanu, muone ngati si mbuzi, malata angapo kapena fizi ya mwana. Atsibweni ankaponya ndalama ya fodya m'chitini tsiku ndi tsiku, ndipo ukonde umene akugwiritsa ntchito mwana wawo unachokera m'chitini chimenecho.

Thupi nalo limabweza msanga. Pakatha maola 12 mpweya woipa wa carbon monoxide umatsika m'magazi kufika pa mlingo wabwino. Pakati pa milungu iwiri ndi 12 magazi amayamba kuyenda bwino ndipo mapapo amapeza mphamvu. Wopalasa bwato amazindikira zimenezi asanauzidwe ndi dokotala. Pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha wosuta.

Kwa amene akuti "ine ndakalamba kale, n'kusiyiranji", pali kafukufuku amene Richard Doll ndi anzake anachita potsatira madokotala a ku Britain kuyambira 1951 mpaka 2001. Anapeza kuti osuta moyo wawo wonse ankamwalira zaka pafupifupi 10 msanga kusiyana ndi osasuta. Osiya ali ndi zaka 30 ankapulumutsa pafupifupi zaka 10 zonsezo, a zaka 40 ankapulumutsa 9, a zaka 50 ankapulumutsa 6, ndipo ngakhale a zaka 60 ankapulumutsa zaka zitatu. Atsibweni anasiya komaliza atapitirira zaka 60, ndipo chaka chino analima okha dimba lawo la mbatata.