Khalani Pansi, Agogo

Pali mawu amene mwana woleredwa bwino amawadziwa asanaphunzire ndi kulemba komwe dzina lake. Wamkulu akanyamula ndowa, mwana amathamanga n'kumulandira. Akatola tsache, mwana amamulanda mwaulemu n'kunena kuti, "Khalani pansi, agogo, tikuchitirani." Mwambo umenewu ngwabwino, ndipo nanenso sindingalole mwana wanga kudutsa wamkulu wosenza katundu ngati sakumuona. Komabe kwa zaka zingapo tsopano mawuwa akhala akundisowetsa mtendere. Kodi pali nthawi imene kuchitira munthu wokalamba chilichonse kumaleka kukhala ulemu n'kusanduka kumulanda?

Amene adandiyambitsa maganizo amenewa ndi azakhali anga. Adadwala chibayo ali ndi zaka 81 ndipo adagonekedwa m'chipatala masabata awiri. Tsiku lopita kuchipatalako adayenda okha kuchoka m'nyumba mpaka kumsewu komwe kudali galimoto, akupuma movutikira koma ndi miyendo yawo. Abale tidagawana ntchito ya ugadiyani ndipo tidaigwira modzipereka. Tinkawamwetsa phala ndi sipuni ngakhale kuti manja awo adali abwinobwino. Akafuna kudzithandiza, tinkawabweretsera beseni pabedi pomwepo. Akati adzuke, wina ankawagwira paphewa n'kuwauza kuti, "Gonani, azakhali, mungagwe." Chibayo chidatha. Koma tsiku lotuluka tidawakankha pachikuku mpaka pagalimoto, ndipo titafika kunyumba tidachita kuwanyamula anthu awiri kuti alowe m'nyumba yawo yomwe.

Pabanja tidagwirizana chimodzi: ndi ukalamba. Mawu amenewa ngokoma chifukwa saloza munthu chala. Ukalamba ulibe mudzi woti n'kupitako kukauzenga mlandu. Koma madokotala a m'mayiko ena, omwe nawonso adatopa n'kuona okalamba akulowa m'chipatala ndi miyendo n'kutuluka pachikuku, sadakhutire ndi yankho lotere. Adafuna kuyeza kuti bedi palokha, popanda matenda, limamuchita chiyani munthu.

Mu 2007 ofufuza a pa yunivesite ina ku Arkansas, m'dziko la America, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wooneka ngati wachibwana. Adatenga anthu 12 achikulire, a zaka za m'ma 67, osadwala konse, n'kuwagoneka pabedi masiku 10 akuwapatsa chakudya chokwanira. Masikuwo atatha, anthuwo adali atataya minofu ya m'miyendo yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo mphamvu zowongolera bondo zidatsika ndi magawo pafupifupi 15 mwa 100. Tonse tikudziwa kukula kwa kilogalamu imodzi ya nyama ikakhala pasikelo ya kubutchala. Tsono amenewa adali anthu athanzi. Nanga wodwala amene sakudya bwino? Patapita zaka ziwiri, Dr Cynthia Brown ndi anzake ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, adamangirira tizipangizo toyeza kayendedwe pa miyendo ya odwala 45 achikulire omwe ankatha kuyenda asanagonekedwe. Adapeza kuti odwalawo ankakhala chigonere magawo 83 mwa 100 a nthawi yawo yonse, ndipo kuimirira kapena kuyenda kunkangokwana mphindi 43 zokha patsiku. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi. Dokotala wa ku London, Richard Asher, adalemba kale mu 1947 nkhani yochenjeza anzake za kuopsa kogoneka odwala nthawi yaitali. Chodabwitsa n'chakuti chenjezo lakale chonchi likufunikabe kulibwereza.

N'chifukwa chiyani silimveka? Ndikuganiza kuti yankho lili m'mitima mwathu. Wokalamba akagwa, kugwako kumakhala ndi tsiku, ola ndi mboni. Pamakhalanso wina woti afunsidwe: "Inu mudali kuti? Mudawasiyiranji okha?" Gadiyani amene adali pamenepo amasenza manyazi pamaso pa abale onse, ndipo namwino amayenera kulongosola kwa akuluakulu ake. Koma wokalamba akamafooka pabedi pang'onopang'ono, palibe tsiku limene munganene kuti lero ndi pomwe mwendo wafa. Palibe phokoso, palibe magazi, palibe wofunsidwa. Choncho pa zoopsa ziwirizi timasankha chimene sichidzatchula dzina lathu, ndipo tikasankha timachitcha chikondi. Ndikakumbukira dzanja langa lili paphewa la azakhali, ndimadzifunsa kuti kodi ndinkateteza chiuno chawo kapena mbiri yanga. Ndikukhulupirira kuti zonse ziwiri zidalipo, koma sindingalumbire kuti chachikulu chidali choyambacho.

Wina anganene kuti zonsezi n'kutaya nthawi, pakuti minofu ya nkhalamba ikapita yapita. Apa ndiye pamene kafukufuku adatsutsa kwambiri zomwe tidazolowera. Mu 1990 Dr Maria Fiatarone adafalitsa zomwe adapeza panyumba ina yosungirako okalamba ku Boston. Adatenga anthu 10 ofooka, a zaka zoyambira 86 mpaka 96, n'kuwayambitsa kunyamula zitsulo ndi miyendo katatu pasabata. Patatha masabata 8, anthu 9 amene adamaliza adali atawonjezera mphamvu za miyendo ndi magawo 174 pa 100, ndiye kuti kuposa kuwirikiza kawiri. Anthu 10 ndi ochepa, ndipo ofufuza amadziwa kuti gulu laling'ono limatha kunamiza. Koma mu 2019 Dr Nicolás Martínez-Velilla ndi anzake a pachipatala cha ku Pamplona, m'dziko la Spain, adafalitsa kafukufuku wa odwala 370 ogonekedwa ndi matenda osiyanasiyana, ambiri mwa iwo a zaka za m'ma 87. Adawagawa m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina lidalandira chisamaliro cha masiku onse, pomwe linalo linkachita mafizo kawiri patsiku, mphindi 20 nthawi iliyonse: kudzuka pampando n'kukhalanso, kukankha zolemera ndi miyendo, kuyenda. Potuluka m'chipatala, a gulu loyamba adali atabwerera m'mbuyo pa zomwe ankatha kudzichitira, pomwe a gulu lachiwiri adali atapita patsogolo. Ndiyenera kunenanso kuti patatha miyezi itatu chiwerengero cha omwalira ndi cha obwerera m'chipatala sichidasiyane kwenikweni pakati pa magulu awiriwo. Mafizo sadatalikitse moyo. Adangosintha momwe munthu adatulukira pakhomo la chipatala.

Kodi chimenecho n'chaching'ono? Muyeso umene ofufuzawo adagwiritsa ntchito umatchedwa Barthel, ndipo udafalitsidwa ku America mu 1965. Sufunsa za magazi kapena mtima. Umafunsa ngati munthu amatha kudya yekha, kusamba yekha, kuvala yekha, kuchoka pabedi kupita pampando, kupita kuchimbudzi popanda womugwira. Nditawerenga mndandanda umenewu koyamba ndidazindikira kuti madokotalawo, m'chinenero chawo cha manambala, akuwerengetsera chinthu chomwe ife timachitcha ulemu. Mayi amene adabereka ana, kuwalera ndi kuwalanga, amamva bwanji akamavulidwa ndi kupukutidwa ndi anthu amene mwambo umati asaone thupi lake? Azakhali sadadandaulepo ndi pakamwa. Ankangoyang'ana kukhoma mpaka titamaliza. Ife tinkaganiza kuti tikuwalemekeza powaletsa kuvutika, osadziwa kuti ulemu umene iwo ankaufuna kwambiri udali woti atseke okha chitseko cha kubafa.

Pofika apa munthu angafulumire kunena kuti basi, mankhwala apezeka, tidzutse nkhalamba zonse ziziyenda. Kuthamanga si kufika. Kafukufuku yemweyo amene adatsutsa ogoneka adadzatsutsanso odzutsa. Akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti munthu wogwidwa ndi sitiroko akadzutsidwa msanga ndiponso kawirikawiri amachira bwino. Pulofesa Julie Bernhardt wa ku Melbourne, ku Australia, adatsogolera kafukufuku wotchedwa AVERT pofuna kuyesa chikhulupiriro chimenechi pa odwala 2,104 m'zipatala 56 za m'mayiko asanu. Zotsatira zitatuluka mu 2015, ambiri adagwira pakamwa. Mwa odwala amene adadzutsidwa pasanathe maola 24 n'kulimbikitsidwa kwambiri, 46 mwa 100 aliwonse ndi amene adapeza bwino patatha miyezi itatu, pomwe mwa amene adalandira chisamaliro chozolowereka adalipo 50. Changu chidapweteka. Ofufuzawo ataunikanso manambala awo adaona kuti kudzuka kanthawi kochepa koma kangapo patsiku kumayenderana ndi kuchira bwino kusiyana ndi kudzuka nthawi yaitali kamodzi. Akuluakulu adanena kale kuti pang'onopang'ono ndi mtolo, koma padafunika odwala zikwi ziwiri kuti adziwe kukula kwa pang'onopo.

Kafukufuku wina amene amandikhudza kwambiri ndi wa ku India, chifukwa kumeneko, monga kuno, ntchito yaikulu yosamalira wodwala imagwera abale. Mu kafukufuku wotchedwa ATTEND, wofalitsidwa mu 2017, odwala sitiroko 1,250 a m'zipatala 14 adagawidwa pawiri. M'gulu limodzi abale adaphunzitsidwa kuchititsa wodwala mafizo kunyumba. Maganizo ake adali omveka: akatswiri ndi ochepa, abale ndi ambiri ndipo ali ndi chikondi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, omwalira kapena odalirabe ena adali 47 mwa 100 m'magulu onse awiri. Maphunziro a abalewo sadasinthe kanthu. Zimenezi n'zowawa kuzimva kwa ife amene timadzitama kuti okalamba athu timawasunga tokha. Ndimaziona ngati chenjezo kwa maboma amene angafune kubisala kumbuyo kwa mawu oti "banja" pofuna kupewa kulemba ntchito akatswiri a mafizo. Chikondi cha gadiyani chingatsuke zovala ndi kuphika phala, koma kudzutsa mwendo umene ubongo wauiwala ndi luso lofunika kuliphunzira zaka.

Palinso mbali ina imene manambala sangaiyankhe. Bwanji ngati mwini wakeyo akunena kuti, "Ndisiyeni, ndatopa"? M'midzi mwathu vuto la agogo ambiri silo kukhalitsa pansi. Ambiri akulimabe, akutungabe madzi, akulerabe adzukulu amasiye, ndipo kwa otere mawu oti "khalani pansi" ndi mphatso imene saimva kawirikawiri. Munthu amene wagwira khasu zaka makumi asanu ndi limodzi ali ndi ufulu wopuma, ndipo mwana amene angamukakamize kudzuka pampando kakhumi chifukwa wawerenga za ku Pamplona akhoza kukhala wankhanza ngati womugoneka uja. Onse awiriwa akulakwa mofanana: asankhira wamkulu popanda kumufunsa. Komanso "ndatopa" ali ndi matanthauzo ambiri. Nthawi zina ndi mawu a munthu amene walingalira bwino n'kuona kuti zakwana. Nthawi zina ndi ululu wa m'chiuno umene mankhwala akadauchepetsa, kapena mantha a kugwa, kapena kukhumudwa kwa munthu amene wauzidwa kambirimbiri kuti sangathe mpaka wakhulupirira. Kusiyanitsa zimenezi kumafuna kukhala naye pansi n'kumvetsera, ndipo ntchito imeneyi ndi yolemetsa kuposa kumubweretsera beseni.

Ine ndafika pokhulupirira kuti chiopsezo cha kugwa ndi cha mwini miyendo, malinga ngati nzeru zake zili bwino ndipo wauzidwa zoona. Tingachotse mphasa zopunthwitsa, tingaike nyali panjira yopita kuchimbudzi, tingagule ndodo yabwino ndi nsapato zosaterera, tingayende pambali pake. Kugwa kwa wokalamba si masewera. Chiuno chikathyoka ambiri sadzukanso, ndipo ena amapita nacho kumanda. Koma tikamuletsa kuimirira kuti ife tigone tulo tabwino, tatenga masiku ake otsala n'kulipirira mtendere wathu.

Azakhali adakhala pamphasa miyezi itatu. Amene adasintha zinthu ndi mtsikana wina wa kumpingo, wophunzira za mafizo, amene adabwera kudzawaona monga amachitira ndi odwala ena. Iye sadatifunse ife, adagwada n'kufunsa eni ake kuti, "Agogo, n'chiyani chimene mukuchifuna kwambiri?" Tinkayembekezera kuti anena za kutchalitchi kapena kumunda. Adati akufuna kukafika okha paseli, pomwe padali bafa. Mtsikanayo adawerenga mapazi kuchoka pakhonde, adakwana 22, ndipo adayamba nawo kudzuka pampando katatu m'mawa ndi katatu madzulo.

Sabata yachisanu adagwa. Adasupuka chigongono ndipo mchimwene wanga adakalipa kwambiri, nati zamasewerazi zithe lero lomwe. Azakhali adamumvetsera mpaka adamaliza, kenako adati, "Iwe udagwa kangati pabwalo lino usanayende? Ndidakumangirira pamphasa?" Mchimwene wanga sadayankhe. M'mawa mwake adapita kukadula nsungwi n'kumanga chogwirira kuchoka pakhonde mpaka paseli.

Kutchalitchi sadafikenso, ndipo kumunda adangokuona ali panjinga. Adakhala zaka zina ziwiri ndi miyezi ingapo. M'mawa uliwonse mdzukulu ankawaikira madzi otentha kubafa n'kubwerera, ndipo ife tikakhala pakhonde tinkamva ndodo ikugogoda pansi, kenako chitseko cha malata chikutsekedwa cha m'kati.