Kodi Ambuya Akaleka Kulima Atsala ndi Phindu Lanji?

Acinyamata anzanga a kuno ku Malambo, tiyeni tifunsane funso limene ambiri ticita nalo manyazi. Munthu akakalamba, khasu lamkanika, maso saonanso bwino, kucilindo sangagonenso kuti apirikitse njobvu m'munda, kodi atsala ndi phindu lanji pamudzi?

Yankho limene timva kawiri-kawiri ndi lakuti okalamba ali ndi nzeru. N'zoona. Ndiwo adziwa pamene madzi a Lupande afika caka ca cigumula, ndipo sangakuloleni kumanga nyumba pamenepo. Ndiwo akumbuka cilala ca 1992 ndi nsima ya cimanga cacikasu ca thandizo. M'zaka zimene AIDS inatha makolo, mankhwala a ARV asanafike m'zipatala zathu, ndi ambuya amene anagwiranso khasu nalera ana amasiye. Nanga cizindikiro ca mtanda munaciphunzira kwa yani? Ambiri tinafika kwa akatekisti titacidziwa kale, ambuya atatigwira dzanja pamphasa.

Koma yankho limeneli ndiliopa. Ngati tilemekeza ambuya cifukwa ca zimene atipatsa, tidzatani tsiku limene adzayamba kuiwala? Alipo matenda a ukalamba amene aononga ubongo. Munthu aiwala maina a ana ake, atuluka usiku nasocera, m'mawa apezeka kuseri kwa nyumba ya eni, mwina wosabvala bwino. Mudziwa zimene zimanenedwa pamenepo: "Mfiti yagwa!" Ndipo oyamba kutola miyala si okalamba anzao ai, ndife acinyamata, ena a ife oimba m'kwaya. Lamulo la dziko la Zambia liletsa kuchula munthu mfiti, koma Mkristu sayenera kudikira apolisi kuti amuuze zimenezi.

Eklezia aphunzitsa kuti ulemu wa munthu sucokera ku nchito yake, ucokera kwa Mulungu amene anamlenga m'cifanizo cake. Khanda silinalimepo mzere ndi umodzi womwe, koma tilibatiza. Ubatizo umenewo sutha mano akatha m'kamwa. Wansembe akabweretsa Ukaristia kwa ambuya pakhonde, safunsa kuti agulitsa matumba angati a thonje caka cino.

Taganizani za Yoakimu ndi Anna, makolo a Maria Woyera, ambuya ake a Yesu, amene tiwakumbuka pa 26 July. Maina ao sali m'Baibulo, tinawalandira ku mwambo wakale wa Eklezia. Palibe ulaliki wao umene unalembedwa, komabe tiwachula oyera. Mu 2021 Papa Francis anakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba pa Lamulungu lacinai la July, pafupi ndi phwando lao. Iye mwini anali ndi zaka 84, ndipo anali kukonda kunena kuti cikhulupiriro anaciphunzira kwa agogo ake a Rosa.

Sindikana kuti kusunga wokalamba n'kobvuta. Mu October dzuwa la cigwa cino mulidziwa, madzi ali kutali. Anzanu apita kukafuna nchito ku Mfuwe kapena kukaphunzira nchito zamanja ku Chikowa, inu mwatsala kucapa zofunda za ambuya, iwo nakutukwanani. Lamulo lacinai silinapatule okalamba aukali. Koma silinenanso kuti mtsikana mmodzi asiye sukulu asenze yekha mtolo wa banja lonse, amalume ali phee m'tauni. Apa ndiye pafunika mphakati ndi gulu lanu la acinyamata.

Pa msonkhano wanu wotsatira, lembani maina a okalamba amene analeka kuoneka kuchalichi. Pitani awiri-awiri mukamve cifukwa cake. Ena ndi miyendo cabe, ena anamva zimene anthu anong'ona za iwo. July ndi mwezi wozizira, tengani nkhuni. Dziwitsani wansembe za amene afuna kulapa ndi kulandira Ukaristia. Mukafika musaimirire pakhomo. Khalani pansi, munene kolona pamodzi, ndipo akakufunsani kacitatu kuti ndinu mwana wa yani, ayankheni kacitatu.