Kalata Ndi ya Yani?

M'nyumba mwathu ku St Mary's, kuno ku Chitungwiza, muli bokosi lachitsulo lomwe malemu bambo anabwera nalo kuchokera ku Dedza, Harare akadatchedwa Salisbury. M'bokosimo muli makalata a agogo aakazi. Iwo sankadziwa kulemba. Ankangonena mawu, mwana wasukulu n'kumalemba. Nkhani zake zinali za mvula, maliro, ndi funso lomwe amayi ake a mtchona aliyense ankafunsa, loti mwana wawo abwera liti.

Ndinalikumbukira bokosili nditawerenga za kalata ya Francis Crick. Pa 19 Marichi 1953, Crick analembera mwana wake Michael, wa zaka 12, kalata ya masamba 7 yofotokoza mmene iye ndi James Watson anatulukirira kapangidwe ka DNA. Mu Epulo 2013 kalatayo inagulitsidwa pa okushoni ya Christie's ku New York pamtengo wa madola 6 miliyoni. Komwekonso mu 2018, kalata ya Albert Einstein ya 1954 yokamba za Mulungu ndi chipembedzo inagulidwa pafupifupi madola 2.9 miliyoni.

Kodi ogulawo anagula chiyani? Nzeru za m'kalata ya Crick zinasindikizidwa kale m'magazini ya Nature mu Epulo 1953, ndipo lero zili m'mabuku a ana asukulu. Chomwe anagula ndi pepala lomwe dzanja la munthu wotchuka linakhudza. Poyamba zimenezi zinandiipira. Kalata imalembedwa kwa munthu mmodzi. Wogula, ngakhale alipire zingati, sadzakhala mnyamata yemwe anatsegula envelopu n'kupeza bambo ake akumufotokozera chinthu chomwe dziko linali lisanamve.

Koma nditatsegula bokosi lathu, manyazi anandigwira. Njenjete zadya makalata atatu, ndipo ina inanyowa chaka chomwe denga linkadontha. Kalata ya Crick ikusungidwa bwino chifukwa ili ndi mtengo. Athu akuwonongeka m'manja mwa ife amene timati timawakonda. Komanso anagulitsa kalatayo ndi Michael mwiniwake, ndipo theka la ndalamazo linapita ku Salk Institute, komwe bambo ake ankachita kafukufuku. Ndine yani kuti ndimuweruze?

Komabe pali chimodzi chomwe sindikuvomereza: kuti msika ndiwo uzitiuza dzanja loyenera kukumbukiridwa. Makalata a agogo sangagulidwe pa okushoni iliyonse, pakuti ngakhale dzanja lolembalo si lawo. Chikhalirecho ndiwo umboni woti ife amene kwa zaka zambiri tinkalembedwa kuti alendo m'dziko lomwe tinabadwira tili ndi mudzi, mfumu ndi manda a makolo. Wosunga chinthu chotere ali ngati wosunga mbewu m'nkhokwe: udindo wake ndi wakuti ifike nyengo ina yodzala.

Mwana wanga wamkazi amalankhula Chishona, ndipo Chichewa amangochimva patalipatali. Lamlungu lapitali ndinamupatsa kalata imodzi kuti awerenge mokweza. Anapunthwa pafupifupi pa mzere uliwonse, ine n'kumamukonza. Atafika pomwe agogo ankadandaula za mbuzi yomwe inagwidwa ndi fisi, anaseka, kenako anafunsa dzina la mudziwo. Tagwirizana kuti tijambula makalata onse pafoni, titumize kwa abale ku Dedza, ndipo mapepalawo tiwachotse pansi pa bedi mvula isanayambe.