Wolowa Dzina Alowanso Mlandu

Pa Renkini, pokwerera mabasi akumidzi mumzinda wa Bulawayo, ndi pomwe njira za ku Matabeleland zimakumana. Pafupi pomwepo pali Makokoba, kumene amuna a ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia ankafikira podzafuna ntchito ku njanji ndi m'mafakitale. Imodzi mwa njirazo imalowera kumwera chakumadzulo, kudzera ku Plumtree, mpaka ku mishoni ya Katolika ya Embakwe. M'nthawi ya atsamunda, kumeneko kunali sukulu yogonera komweko ya ana otchedwa makaladi, ndipo ena mwa iwo anali ana a azungu obadwa kwa amayi achikuda. Boma linkagawa sukulu potsata khungu. Mpingo unalandira anawo, kuwadyetsa ndi kuwaphunzitsa m'Chingerezi, kutali ndi mudzi wa mayi. Unawachitira zimene atate awo ambiri sanafune kuchita. Komabe unagwira ntchitoyo mkati mwa dongosolo limene linkaona mayi wachikuda ngati wosayenera kulera mwana wake yemwe.

Funso limene Mkatolika wa lero, woima pa Renkini ndi korona m'thumba, angafunse n'lomveka: zimenezi zikumukhudza bwanji iye amene anabadwa zonse zitatha?

Si ku Bulawayo kokha kumene funsoli limafunsidwa. Ku Ireland, nyumba ya ku Tuam imene masisitere a Bon Secours ankayendetsa kuyambira 1925 mpaka 1961 inkalandira atsikana otenga pathupi asanakwatiwe. Catherine Corless, wofufuza mbiri ya kwawo, anapeza zikalata za imfa za ana 796 a m'nyumbayo, koma pafupifupi onse analibe umboni wa kumene anaikidwa. Lipoti la mu Januwale 2021 linawerengera ana pafupifupi 9,000 omwe anafera m'nyumba 18 zoterezi. Ku Congo, Rwanda ndi Burundi, boma la Belgium linkalanda ana a makaladi kwa amayi awo n'kuwapereka kumamishoni. Maepiskopi a ku Belgium anapepesa mu 2017, boma mu 2019. Embakwe si Tuam, ndipo kuzifananitsa m'zonse kungakhale kunamizira. Chofanana n'chimodzi: anthu opemphera anagamula za mwana, mayi wake osafunsidwa mokwanira.

Yankho lofulumira limachokera kwa mneneri Ezekiele, amene anaphunzitsa kuti mwana sasenza tchimo la atate wake. N'zoona. Tchimo ndi la wolichita, ndipo sisitere wachitsikana amene akuphunzitsa ana lero sanalande mwana wa munthu. Koma bwalo lachichewa limasiyanitsa zinthu ziwiri zimene yankholi limaziphatikiza: kulakwa ndi mlandu. Mfumu ikamwalira, wolowa dzina lake sakhala wakuba chifukwa choti malume ake analanda munda wa mkazi wamasiye. Koma mkaziyo akadza kubwalo, mfumu yatsopanoyo singanene kuti nkhaniyo inapita kumanda, pamene chimanga cha m'munda womwewo chili m'nkhokwe yake. Mlandu suola. Amene walandira mpando, minda ndi ulemu walandiranso madandaulo.

Mpingo wa Katolika ndi umene uli ndi chifukwa chochepa kwambiri chothawira mfundo imeneyi, pakuti chiphunzitso chake chomwe chimati ndi thupi limodzi kuyambira kwa atumwi. Umanyadira Amaritiri a ku Uganda a mu 1886 ngati ake, ngakhale palibe wamoyo amene anawaona. Sungakhale wolowa m'malo pa oyera mtima okha, n'kukhala mlendo pa Tuam. Papa John Paul II anazindikira zimenezi pamene, pa 12 Malichi 2000, anapempha chikhululukiro chifukwa cha zolakwa za ana a Mpingo m'mibadwo yapita, kuphatikizapo kunyozedwa kwa amayi.

Ena amati masiku amenewo aliyense ankaganiza choncho, ndipo makolo eni ake ndiwo ankaperekeza ana awo aakazi kunyumbazo. Mbali ina n'zoona, ndipo midzi ya ku Malawi nayo ili ndi mawu ake olasa, monga akuti mwana wapathengo. Koma pakati pa Achewa mwana ndi wa mbumba ya mayi. Ngakhale atate asadziwike, malume alipo, ndipo mwanayo ali ndi kwawo. Choncho kumuchotsa kwa mayi kunali kulanda mbumba yonse. Komanso gulu limene limati linatumidwa kudzawongola maganizo a dziko silingabisale kumbuyo kwa maganizo omwewo.

Bulawayo ali ndi chifukwa chake chapadera. Pamene asilikali a Fifth Brigade ankapha anthu ku Matabeleland kuyambira 1983, Episkopi Henry Karlen anasonkhanitsa umboni n'kuupereka kwa akuluakulu a boma. Mu 1997, Catholic Commission for Justice and Peace pamodzi ndi Legal Resources Foundation anatulutsa lipoti la Breaking the Silence, ngakhale msonkhano wa maepiskopi unazengereza kuliloleza. Lipotilo linakamba za ana amene sankatha kupeza chiphaso chobadwira chifukwa imfa ya atate awo sinalembedwe paliponse. Mpingo unauza boma kuti kungokhala chete sikuthetsa nkhani. Muyeso umenewo unali wolungama, ndipo sungafupike poyesa mwini wake.

Chovuta chili pa kubweza. Katekisimu amaphunzitsa kuti kulapa kumafuna chisoni, kuulula ndi kukonza chimene chinawonongedwa. Zakeyu analonjeza kubweza kanayi. Ku Ireland mawu opepesa anabwera msanga kuposa ndalama: mu 2025 zinadziwika kuti mwa mabungwe 8 achipembedzo amene boma linakambirana nawo, ambiri sanalonjeze kanthu, pamene a Bon Secours analonjeza pafupifupi mayuro 13 miliyoni. Mu Julayi chaka chomwecho akatswiri anayamba kufukula malo a ku Tuam kuti mafupa a ana adziwike ndi kuikidwa mwaulemu.

Ku Matabeleland, monganso ku Chipata ndi ku Dedza, mamishoni amasunga mabuku a ubatizo momwe wansembe ankalemba dzina la mwana, la makolo ndi la mudzi. Kwa mdzukulu wa mwana amene anakulira m'chipinda chogona cha sukulu, mzere umodzi wa m'buku lotere ungakhale malo okhawo pamene dzina la agogo ake aakazi linalembedwa. Kutsegula mabukuwo kwa owafuna sikudikira chigamulo cha ku Roma; kiyi wa kabati ali ndi bambo mfumu wa parishi.