Mpando wa Wobwera Chimanjamanja

Nyengo ya Adiventi ikafika, mabanja ambiri a ku United States ndi ku Canada amachita mwambo wosinthana mabisiketi a Khrisimasi. Mayi mmodzi amaitana anzake kunyumba kwake, ndipo aliyense amaphika mtundu umodzi wokha, koma wochuluka. Ngati osonkhana ali 8, aliyense angaphike mabisiketi 96 kuti munthu aliyense atengeko 12. Woitana uja amafunsiratu zimene mnzake aliyense aphike, kuopa kuti mitundu ingafanane. Tsiku likafika, amayala zonse patebulo, pambali pa mbale iliyonse n'kuikapo kapepala kofotokoza kaphikidwe kake. Munthu amene anakanda ufa wa mtundu umodzi amabwerera kwawo atanyamula mitundu 8.

Kuphika mabisiketi pa nyengoyi kunachokera kwa akhristu a ku Ulaya. Ku Germany, mzinda wa Nuremberg umadziwika ndi mabisiketi a uchi ndi zonunkhiritsa otchedwa Lebkuchen, omwe kale ankaphikidwa m'nyumba za amonke. Mpaka lero ambiri mwa iwo amawaphikira pa kamkate kopyapyala kofanana ndi hostia yosadalitsidwa, kuti asamatirire pachitsulo. Ku Netherlands ndi ku Belgium amaphika ena otchedwa speculaas pokumbukira Nikolasi Woyera, episkopi wa ku Myra, amene chaka chake chimachitika pa 6 Disembala.

Mwambo wosinthanawu uli ndi phunziro labwino. Palibe amene angathe kuphika mitundu yonse yekha, koma aliyense akabweretsa chimene amachidziwa, onse amalemera. Makolo anati chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana. Paulo Woyera anaphunzitsa zomwezi pamene ankasonkhetsa thandizo la akhristu osauka a ku Yerusalemu. Pa 2 Akorinto 8:13-15 akufotokoza kuti zochuluka za ena lero zithandize osowa, kuti tsiku lina zochuluka za osowawo zidzathandize iwo, pasakhale wotsalira. Akuwakumbutsa za mana a m'chipululu, pamene wotola zambiri sanatsale nazo, wotola pang'ono sizinam'perewere. Ndipo buku la Eksodo 16:31 likunena kuti manawo ankakoma ngati timitanda tophika ndi uchi. Chakudya chozuna chochokera kwa Mulungu chinali cha onse mofanana.

Komabe mwambowu uli ndi lamulo limodzi lofunika kuliunika bwino: wolandira ndi yekhayo amene wabweretsa. Ufa wa tirigu, batala, shuga ndi mazira zimafuna ndalama, ndipo kuphika kumafuna uvuni, nthawi ndi mphamvu. Mayi wamasiye amene alibe zimenezi saitanidwa. Nkhalamba yonjenjemera manja saitanidwa. Palibe amene amawathamangitsa, koma amangozindikira okha kuti patebulopo palibe mpando wawo. Kusinthana kwa anthu ofanana n'kokoma, koma pakokha sikunafike pa chinsinsi cha Khrisimasi.

Mapemphero a Mpingo a nyengo ya Khrisimasi amatchula kubadwa kwa Ambuye kuti ndi kusinthana kodabwitsa. Mwana wa Mulungu anatenga umunthu wa anthu, nawapatsa gawo pa umulungu wake. Nanga pa kusinthana kumeneku munthu anabweretsa chiyani? Anabweretsa njala, misozi, machimo ndi imfa. Mulungu sanawerenge mbale ya munthu kuti aone ngati yakwanira. M'mutu womwe uja wa 2 Akorinto 8, ndime 9, Paulo akunena kuti Khristu, ngakhale anali wolemera, anasanduka mmphawi kuti umphawi wakewo ulemeretse anthu. Anabadwira ku Betelehemu, dzina lotanthauza nyumba ya buledi, ndipo anamugoneka m'chodyera cha zoweta. Oyamba kuitanidwa anali abusa ochokera kubusa usiku, ndipo Luka satchula mphatso iliyonse m'manja mwawo.

N'chifukwa chake Ambuye Yesu, pa Luka 14:12-14, analangiza munthu amene anawaitana ku chakudya kuti asamaitane abwenzi, abale ndi anansi olemera okha, poti iwowo adzam'bwezera. Aziitana amphawi, olumala, opunduka miyendo ndi osaona, amene alibe chobwezera, ndipo mphotho yake adzailandira pa kuuka kwa olungama. Nikolasi Woyera amakumbukiridwa pa chifukwa chomwechi. Mbiri yakale imasimba kuti anathandiza mobisa, usiku, bambo wosauka wa ana aakazi atatu, ndipo sanafune kuti wina am'thokoze.

Mkhristu wokonza phwando la Khrisimasi, kaya la mabisiketi, kaya la mandasi, zitumbuwa ndi chigumu m'mphakati, sakuletsedwa kusangalala ndi anzake. Chimene Mthenga Wabwino ukum'pempha n'chakuti awerenge bwino mipando. Ngati ophika ali 8, magawo akhale 10. Awiri owonjezerawo asakhale zotsala kapena zopserera, koma ofanana ndi a ena onse. Ndipo ngati mwini gawolo angathe kuyenda, ndi bwino kum'itana kuti adzakhale patebulo, kusiyana ndi kungom'tumizira kaphukusi pakhomo. Wosauka amamva njala ya m'mimba, komanso amamva njala yowerengedwa pakati pa anthu. Mwezi wa Disembala umapeza nkhokwe za mabanja ambiri zitayamba kupepuka, ndalama zitathera ku mbewu ndi feteleza. Atsogoleri a miphakati amadziwa makomo amene moto suyaka kawiri pa tsiku. Mayina amenewo ndiwo ayenera kukhala oyamba pa mndandanda wa oitanidwa.

Pa Misa iliyonse akhristu amapereka mkate wamba ndi vinyo pang'ono, ndipo amalandira Thupi ndi Magazi a Khristu. Pamzere wa Ukaristia wolemera ndi wosauka amatambasula manja opanda kanthu chimodzimodzi. Amene walandira motero sayenera kufunsa mnzake pakhomo kuti wabweretsa chiyani.

Ambuye amene anabadwira m'khola atsegule makomo ndi mitima ya akhristu onse a parishi ino, kuti pa Khrisimasi ya chaka chino pasapezeke wodya yekha, kapena wogona ndi njala. Amen.